Mutu Umodzi Susenza Denga: Mbiri ya Kukonzekera Dzinja ku Lundazi

Mwezi wa October ukafika m'dziko la Lundazi, dzuwa liomba kotero kuti nkhuku ziyenda kukamwa kuli yasa. Mitengo ya m'thengo iphuka masamba ofiira mvula isanagwe, ndipo madzulo mitambo iyamba kuunjikana. Munthu wa ku Lundazi amene ali pa nchito ku Kitwe, ku Chingola, ku Solwezi kapena ku Lusaka akaona mitambo yotere, mtima wace uthamangira kwao, nadzifunsa kuti, "Kodi denga la amai lija lipirira caka cino?" Funso limeneli si la lero ai. Lakhala likufunsidwa zaka zoposa zana, ciyambire pamene amuna anayamba kucoka m'midzi kukafuna ndalama ya msonkho. Nkhani ino ifotokoza m'mene anthu a dziko lija anali kukonzera nyumba zao podikira mvula ndi mkuntho, zinthu zimene zinasintha makonzedwe amenewo, ndi cimodzi cimene sicinasinthike kufikira lero.

Dziko la Pawiri

Boma la Lundazi liri kumpoto kwa Chipata, mtunda wa makilomita ngati 180, pafupi ndi malire a Malawi. Kufikira caka ca 2018 dziko lolamulidwa pa Boma limeneli linali lalikuru ndithu, pakuti Lumezi ndi Chasefu, amene tsopano ali ndi maboma ao-ao, anali m'kati mwace. Dzikoli liri pawiri. Kum'mawa kuli mtunda, wokwera kuposa mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, kumene kuli midzi ya mafumu monga Mwase, Mphamba, Magodi, Kapichila ndi Zumwanda. Kumadzulo dziko litsika kufikira ku cigwa ca Luangwa, kwa mafumu Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya. Mvula iyamba mu November nileka ca mu April, ndipo madzi ogwa pa mtunda atsikira ku cigwa kudzera m'mitsinje monga Lundazi, Lumezi ndi Lukusuzi.

Cifukwa ca ici adani a nyumba m'dziko limeneli ali awiri. Munthu wa pa mtunda aopa mphepo, makamaka ija idza ndi mvula zoyamba. Nthaka ikatentha tsiku lonse, mtambo wakuda ukwera msanga, ndipo mvula isanagwe mpweya wozizira utsika m'mtambomo ndi mphamvu, nufalikira pansi monga madzi otayidwa pa thanthwe. Mkuntho wotere sukhalitsa, koma pa kanthawi kocepako ukhoza kusasula denga, kugwetsa nkhokwe ndi kuzula mtengo. Munthu wa ku cigwa aopa madzi, pakuti mtsinje ukhoza kusefukira kumwamba kuli mbee, ndi madzi a mvula imene inagwa kutali pa mtunda dzulo lace.

Nchito ya Makolo

Makolo sanali kudikira mitambo. Nchito ya dzinja inali kuyamba m'masika, anthu atangokolola. Mu June ndi July anali kupita ku dambo kukamweta udzu usanapse ndi moto, naumanga mitolo, nausanjika pa thandala kuti ciswe ndi mbuzi zisauononge. Munthu wozengereza anali kupeza lupsa lokha-lokha, ndipo caka cimeneco anali kugona m'nyumba yodontha. Amuna anali kulowa m'thengo kukadula nsici, phaso ndi nsanamira, nasankha mitengo yosafumbwa msanga, monga muwanga pa mtunda ndi tsanya ku cigwa. Anali kusendanso luzi la mombo, nalibviika m'madzi kuti lifewe pa tsiku lomangira.

Nyumba ya masiku amenewo inali yozungulira, ndi denga losongoka pamwamba. Nyumba yotere iribe ngondya imene mphepo ingagwirepo, cotero mkuntho ungoilambalala. Denga anali kulimangira pansi: amuna analumikiza phaso pamwamba, nazungulizapo mbaliro, namanga zolimba ndi luzi, ndipo litatha anaitana anzao nalinyamula onse pamodzi kukaliika pa cipupa. Amene anaonapo nchito imeneyi safunsa tanthauzo la mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga. Pofolera anali kuyambira m'munsi kukwera pamwamba, udzu wina kuphimba unzace, kuti madzi atsetsereke osapeza polowera. Udzu wa m'munsi unali kupitirira cipupa kwambiri, nupanga khonde, cifukwa cipupa ca dothi cimene mvula icimenya tsiku ndi tsiku sicikhala zaka ziwiri. Utsi wa moto wa m'nyumba unali kuteteza phaso ndi udzu ku tizirombo.

Akazi nao anali ndi yao. Anali kumata ming'alu ya cipupa, kukweza khonde ndi dothi, ndi kuzira pansi. Anali kufutsa ndiwo, monga masamba a khobwe ndi nkhwani, nazikulunga m'zikwatu. Anali kuunjika nkhuni pouma, ndi kusinja ufa wambiri dzuwa likadalipo, podziwa kuti ufa wa m'dzinja ubvuta kuuma. Mbeu ya caka ca mawa inali kupacikidwa pamwamba pa moto. Nkhokwe inali kuima pa miyala kapena pa mitengo kuti cinyontho cisakwere, ndipo inali ndi kadenga kace, kamene anthu anzeru anali kuyamba kufolera asanakhudze nyumba yogonamo. Pakuti munthu wonyowa auma m'mawa, koma cimanga conyowa ciola.

Nchito zazikuru sizinali za banja limodzi. Mwini nyumba anali kufulula mowa naitana dima, ndipo denga limene munthu mmodzi akadalimbana nalo masabata linali kutha tsiku limodzi. Mvula yoyamba ija, imene Acewa amati cizimalupsa, ndiyo inali woweruza wa nchito yonse. Ikagwa, mwini nyumba anali kuyang'ana m'mwamba kufuna podontha, nakonzapo mvula yeni-yeni isanabwere. Ku cigwa nzeru yaikuru inali ya malo: akuru-akuru anali kukumbukira pamene madzi analekezera m'zaka za cigumula, ndipo wacinyamata womanga m'munsi mwa malire amenewo anali kudzudzulidwa.

Mwini Denga Ndani?

Mwambo unali kudziwa mwini wa denga liri lonse. Pakati pa Acewa mwamuna anali kupita cikamwini ku mudzi wa mkazi, ndipo mayeso ace oyamba anali nyumba ndi nkhokwe. Mkamwini wosadziwa kufolera anali citonzo m'mudzi, ndipo denga la apongozi linali pa mutu pace. Mkazi wamasiye kapena wosiyidwa anali kuyang'ana kwa alongo ace ndi atsibweni. Angoni a M'mbelwa atakhazikika m'dziko la Mzimba ca m'ma 1855, ulamuliro wao unafika mbali ino kudzera mwa mafumu monga Magodi ndi Phikamalaza, ndipo Atumbuka ambiri anatengera mwambo wa malowolo, wakuti mkazi apite kwao kwa mwamuna. Kumeneko denga la mkazi linali pa mutu pa mwamuna wace ndi abale a mwamunayo. Miyambo iwiriyi inasiyana, koma inabvomerezana pa cimodzi: panalibe nyumba yopanda munthu woifunsidwa.

Msonkho ndi Migodi

Cimene cinagwedeza makonzedwe amenewa si mphepo ai, koma ndalama. Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo Fort Jameson, amene tsopano ndi Chipata, anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Mu 1901 anthu anayamba kukhoma msonkho wa masheleni 3 pa nyumba. Ndalama m'mudzi munalibe, cotero amuna anayamba maulendo a pansi opita ku mapulazi ndi ku migodi ya Southern Rhodesia. Pambuyo pace migodi yaikuru ya mkuwa inatsegulidwa m'dziko lomwe lino: Roan Antelope ku Luanshya inayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, ndi Nchanga mu 1939.

Tsono bvuto linali apa. Nyengo yabwino yoyenda ulendo wa pansi ndi cirimwe, pamene mitsinje yaphwa ndipo njira zauma. Koma cirimwe comweco ndico nyengo yodula phaso, yosenda luzi ndi yofolera. Mwamuna wonyamuka mu June anali kusiya udzu uli ciriri ku dambo. Ena anali kubwera patapita caka kapena ziwiri, ndi nsaru, bulangete ndi ndalama. Ena anaiwala njira ya kwao, nakhala machona. M'midzi yambiri munatsala akazi, ana ndi nkhalamba, ndipo dima linacepa manja. Mkazi anali kufulula mowa kapena kugulitsa nkhuku kuti alipire womfolera nyumba, nchito imene kale inali ya cibale. Amene analibe mowa kapena nkhuku anali kusuntha mphasa usiku wonse kuthawa podontha.

Kusiyana kwa mwamuna wokumbukira ndi woiwala kunaoneka poyera mu 1949, pamene mvula inakana ku Nyasaland ndi m'maiko oyandikana nayo. Ku Blantyre, kumene njala inakula kopambana, akazi amene amuna ao anali kutumiza ndalama anapeza pogulira cakudya, koma osiyidwa opanda thandizo ndiwo anazunzika koposa. Caka ca cirala ndi caka ca mkuntho zifanana pa ici: zonse ziwiri zifunsa ngati nkhokwe inasungidwa, ndi ngati wa kutali anakumbukira.

Njerwa ndi Malata

Koma migodi siinangocotsa anthu. Inabweretsanso mamangidwe atsopano. Obwera ku nchito anaona nyumba za ngondya zinai, za mazenera ndi zitseko za matabwa, ndipo anafuna zotero kwao. Mamishoni, monga Chasefu wa a Livingstonia, anamanga ndi njerwa, ndipo anyamata anaphunzira kuumba, kuocha ndi kupala matabwa. Pa Boma pomwe, Bwanamkubwa wa cigawo wa masiku amenewo, Errol Button, anayamba mu 1948 kumangitsa nyumba ya alendo yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene anthu aidziwa ndi dzina lakuti Castle. Nyumbayo iri ciimire, ndipo icitira umboni kuti dothi la Lundazi likaochedwa bwino lipirira madzinja ambiri.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndiponso m'zaka zotsatira pamene alimi anayamba kupeza ndalama za mtedza, thonje, fodya ndi cimanga, malata anafalikira m'midzi. Ubwino wace ngwodziwika: safuna kumweta caka ndi caka, sapsa ndi moto, ndipo udzu wabwino unayamba kusowa pamene anthu ndi ng'ombe zinacuruka. Kwa munthu wa pa mgodi, kufolera nyumba ya makolo ace ndi malata kunakhala cizindikiro cakuti sanapite pacabe.

Komabe malata anadza ndi ngozi yao. Mphepo ikapita pamwamba pa denga la malata ilikokera m'mwamba, monga m'mene ikwezera phiko la ndege. Ndipo ikalowa pa khomo kapena pa zenera losweka, ilikankha kucokera pansi. Ngati phaso langosanjikidwa pa njerwa losamangidwa, denga lonse linyamuka pamodzi. Udzu ukasasuka ugwera pafupi ndipo supha munthu, koma lata louluka ndi mpeni. Ndico cifukwa cace pa ciyambi ca dzinja pamveka kawiri-kawiri mbiri ya sukulu, nyumba za aphunzitsi ndi nyumba za mapemphero zimene zasasuka, pakuti denga likakula mphepo ipeza pogwira pambiri.

Amisiri anzeru anaphunzira kuyankha. Aika waya wolimba m'kati mwa cipupa, mizere ingapo ya njerwa pansi pa denga, namangira phaso ku wayayo, kuti mphepo yofuna denga iyambe yanyamula cipupa. Akhoma misomali pa msana wa lata, osati m'ngalande yace, naicurukitsa m'mphepete ndi m'ngondya, m'mene mphepo iyambira kusenda. Adziwa kuti denga lotsetsereka mbali zinai lipirira kuposa la mbali imodzi, ndi kuti lata lopitirira cipupa kwambiri lipatsa mphepo cogwirira. Miyala ndi njerwa zosanjika pa malata sizilowa m'malo mwa waya. Mkuntho ukakula zigwera anthu. Ndipo nyumba ya zidina, njerwa zosaocha, ifuna maziko okwera ndi ngalande yozungulira, pakuti cipupa cotere sicigwa ndi mvula ya pamwamba koma ndi madzi oima pa phazi lace.

Namondwe wa ku Nyanja

Palinso mdani wina amene dzina lace lamveka kwambiri m'zaka zino, ndiye namondwe wocokera ku nyanja yamcere ya India. Iye abadwa pamene madzi a nyanja atentha kufika madigiri 26 kapena kuposa, makamaka pakati pa November ndi April. Akafika pa mtunda mphepo yace icepa mphamvu, cifukwa wasiya madzi otentha amene amdyetsa, koma mitambo yace ipitirira kulowa m'kati mwa dziko. Lundazi ali kutali ndi gombe makilomita mazana ambiri, cotero saona mphepo yonga ya ku gombe. Cimene cikhoza kufika kumeneko ndi mvumbi wa masiku angapo, umene ufewetsa zipupa, ugumula zimbudzi, udzaza mitsinje ndi kudula njira za ku cigwa.

Anansi a ku Malawi ndi ku Mozambique adziwa ukali wace. Mu December 1946 mvula yoopsa inagumula phiri la Zomba, ndipo anthu anati wadutsa Napolo. Mu March 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri ndi kukokolola midzi ku Phalombe. Mu March 2019 namondwe Idai anaononga mzinda wa Beira, napha anthu ambiri ku Chimanimani m'dziko la Zimbabwe. Mu January 2022 Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira pa mtsinje wa Shire. Mu March 2023 Freddy, amene anakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina ali yense wolembedwa m'mabuku, anagwetsa mvula kum'mwera kwa Malawi, ndipo akufa pamodzi ndi osowa anaposa 1,000. Ambiri a ku Chilobwe mu Blantyre anafera m'nyumba zomangidwa m'mphepete mwa phiri la Soche. Nzeru ija ya akuru a ku cigwa ca Luangwa, yakuti nyumba iyamba ndi malo, ndiyo imene mizinda inaitaya pamene anthu anacuruka ndipo malo abwino anasowa.

Anthu a m'makomboni a Zambia asayese kuti nkhaniyi ndi ya kumudzi kokha. Ku Kanyama ndi ku Misisi mu Lusaka madzi akhala akulowa m'nyumba m'madzinja ambiri, ndipo madzi akasakanizika ndi za m'cimbudzi, kolera itsatira. M'dzinja la 2023 ndi 2024 nthenda imeneyi inapha anthu oposa 700 m'Zambia, kotero kuti bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala. Cimbudzi colimba ndi madzi owiritsa ziri mbali ya kukonzekera dzinja monga m'mene liriri denga.

Mau a pa Wailesi

Makolo anali kuwerenga nyengo pa masamba, pa mphepo ndi pa kulira kwa acule. Wailesi inaonjezera khutu lina. Kuulutsa mau kucokera ku Lusaka kunayamba mu 1941, ndipo mu 1949, mwa khama la Harry Franklin, kunafika kawailesi kochipa kooneka ngati sefuliya, kamene kanali kugulidwa mapaundi 5. Kucokera pamenepo munthu wa m'mudzi anayamba kumva za kutali tsiku lomwelo. Mu 1967 Zambia inakhazikitsa nthambi yace-yace yoona za nyengo, ndipo mu 1994 inakhazikitsa ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pansi pa Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko; lamulo lace linapangidwa mu 2010. Pa Lundazi pomwe panabwera Radio Chikaya, yolankhula zinenero za anthu a komweko, ndipo foni inafika m'thumba la mlimi. Tsopano namondwe aoneka pa zithunzi zojambulidwa m'mlengalenga akali pa nyanja, ndipo cenjezo lifika masiku angapo iye asanafike.

Cenjezo lotere lipulumutsa moyo. Lipatsa banja nthawi yocoka m'mphepete mwa mtsinje, yokweza ufa ndi mbeu, yokulunga makalata a sukulu ndi a cipatala m'pulasitiki, yobweza ng'ombe, ndi youza ana kuti asaoloke mtsinje wodzala kapena kubisala pansi pa mtengo mphezi zikung'anima. Koma cenjezo la masiku atatu silimweta udzu, siliocha njerwa, ndipo siliika waya m'cipupa cimene cinamangidwa kale popanda waya.

Cimene Sicinasinthike

Mbiri yonseyi, kuyambira pa luzi la mombo kufikira pa waya ndi foni, inena cinthu cimodzi: nyumba ipulumuka kapena igwa m'cirimwe, ndipo mkuntho wa m'dzinja ungolengeza mlandu umene unaweruzidwa kale. Zida zasintha, koma miyezi yace ndi yomwe ija. Udzu ufunabe June, njerwa zifunabe dzuwa la August, ndipo denga lifunabe munthu wolikwera mu September kuti aone phaso limene ciswe cadya ndi msomali umene wazuka.

Kale munthu wa pa mgodi anali kutumiza ndalama pa positi kapena kupatsira mnzace wopita kumudzi, ndipo zinali kuyenda masabata. Lero ziyenda pa foni m'kamphindi, ndipo kufulumira kumeneku kwanyenga ambiri, nayesa kuti adzatumiza zikabvuta. Koma ndalama yofika mu January, denga liri m'munda wa eni, igula malata kawiri, ndipo siibweza cimanga cimene caola kapena mwana amene wadwala cifuwa. Ndalama yomweyo ikafika mu July ilipira omweta ndi mmisiri, nigula waya ndi misomali. Madzi akatayika saoleka.

Mwambo wa Acewa ndi wa Angoni unali kufunsa kuti denga iri nla yani, ndipo yankho linali kupezeka m'mudzi momwemo. Lero yankho kawiri-kawiri liri ku Copperbelt, ku Solwezi kapena ku Lusaka. Mutu wina wa mitu ija yosenza denga uli kutali ndi kwao, koma mbali yace ya denga ikali kumdikira.